Thambo Lodutsa pa Chitseko

Chitseko cha chipinda chathu chapansi
m'lifupi mwake ndi masentimita 74.
Ndachiyeza katatu. Sichikukula.
Ndiye kuti thambo lonse limene ndikufuna kumanga
liyenera kudzalowa cham'mbali,
ngati kabati ya munthu wosamuka.

Masana ndimayendetsa tramu mu Łódź,
zaka 26 pa njanji zomwezomwezo.
Njanji sifunsa maganizo ako:
ikakhota, wakhota.
Anthu akwera ndi chipale chofewa kunsapato,
belu, chitseko, belu.
Usiku ndimatsika masitepe khumi ndi awiri,
pensulo ili kukhutu.

Ndayamba ndi makatoni a firiji
amene Gwidon wa pa nambala 9 amafuna kutaya.
Ndajambulapo mawotchi pozunguliza kapu ya tiyi:
iyi ya kutalika, iyi ya liwiro,
iyi yokuuza ngati lapendekeka ndi dziko kapena ndiwe.
Mpando ndinakazula m'galimoto yakufa kwa ogula zitsulo.
Ukununkhabe fodya wa mwini wake,
ndipo kunsi kwake ndapezako batani la jasi,
ndalisunga, sindikudziwa chifukwa.

M'kope labuluu muli mndandanda:
mapulayi awiri, maswichi 41,
mawaya ofiira ndi akuda, zopondera,
masikirini atatu, ngakhale thumba likuti awiri.
Pa yachitatuyo ndinalemba kuti Disembala,
kenako ndinafufuta
nkulemba kuti tiona.

Dzulo ndinakhala pampando, maso kutsogolo,
nkukweza mkono kufuna denga
pomwe padzakhale maswichi a mafuta ndi nyali.
Phewa linakana.
Mapulani a ndege yeniyeni akuti apo,
thupi langa likuti m'munsi pang'ono.
Ndatsitsa denga ndi masentimita 6
osauza munthu.

Wiesława anatsika kudzatenga nkhaka zake za mumchere.
Mashelefu ake aima ndendende
pomwe windo lamanzere liyenera kudzaonetsa mitambo,
ndipo mlandu umenewu sitinaugamule.
Anayang'ana makatoni, anayang'ana mizere ya choko pansi,
nati, Lechu, ndege zako zonse n'za mpando umodzi?
Ine ndinaloza chitseko.
Iye anati, nanga bedi lija linalowa bwanji m'nyumba muno?

M'zidutswa ziwiri.
Ndinalilumikiza ndekha, chaka chomwe tinakwatirana,
sipanala yobwereka, mabawuti asanu ndi atatu,
limodzi linatsala, mpaka lero bedi silinagwe.

Ndinang'amba tsamba. Tinayezanso.
Iye anagwira kumapeto kwa tepi
monga amagwirira nsalu ya makatani,
akuwerenga manambala mokweza, kundikonza ndikanama.
Mbali yanga 70, mbali yake 70,
pakati kabokosi ka zogwirira za injini,
kopapatiza, koti zigongono zizigundana.
Maswichi akwera kufika 58.
Sikirini yachitatu yapita kutali kuposa tiona.

Atatha anavundikira ndowa, nakhalapo kudzanja lamanja,
botolo la nkhaka pamiyendo.
Tikupita kuti? ndinafunsa.
Ku Rzeszów kwa mkulu wanga, anatero,
koma tisatere, tingozungulira pamwamba pa nyumba yake
aone kuti tinabwera.

Ndinazimitsa getsi.
Mapaipi otenthetsa nyumba anali kung'ung'udza kuseri kwa khoma,
ndipo kwa kanthawi anakwanira kukhala injini.
Ndinakoka mpini wa tsache cha pachifuwa, pang'onopang'ono,
monga ndinawerengera,
mphuno ya katoni inadzuka, kapena sinadzuke,
Wiesława anagwira botolo ndi manja onse awiri.

Pamwamba pathu wina anatsegula mpopi.
Wotchi idzalira 3:40,
tramu yoyamba imatuluka kudakali mdima,
ndipo sindinapezebe kogula mahinjesi aafupi
oti windo lake lizitseguka,
chifukwa akuti sakwera chinthu chopanda mpweya.